Sikuluwu yadyeka mutu mukumanga zinthu pa njinga yamoto? Musathamangire dirilo

Tsiku limene ndinkamanga zotchinga manja pa handulo ya njinga yanga ndinkaona ngati ndi ntchito ya mphindi 20 basi, kumasula kachitsulo kolemera kamene kamakhala kumapeto kwa handulo kaja, kulowetsa chotchingacho, kumanganso, zatha. Mbali ya kumanzere inatheka bwinobwino. Ya kumanja nditangoti ndipotokole ndinangomva kuti khwee, sikuludilaiva yadumpha. Ndinabwezeranso, yadumphanso, nde mmalo moti ndiime ine ndinkangoonjezera mphamvu ngati kuti sikuluwuyo ichita mantha. Kachisanu ndikuyang'ana, kamtanda kaja kulibe, pangotsala kadzenje kosalala konyezimira, tizitsulo tonga utuchi tili mbuu pa chala. Ntchito ya mphindi 20 ija inandipeza ndi mdima.

Nde ngati mukuwerenga izi sikuludilaiva ili mmanja, yadumpha kamodzi kapena kawiri, ikani pansi kaye. Ikamadumpha imakhala ikusenga chitsulo, ndipo njira zonse zosavuta zomwe ndinene apa zimadalira kachitsulo komwe katsala pamutupo. Mukakamaliza mwatsala ndi dirilo yokha.

Choyamba tione chomwe chadyetsa mutuwo, chifukwa nthawi zambiri si sikuluwu yolakwa ayi, ndi chida. Njinga za ku Japan, Honda, Yamaha, Suzuki, Kawasaki, zimabwera ndi masikuluwu a mtanda a mtundu wa JIS, pomwe sikuludilaiva ya mtanda imene ambirife tili nayo ndi Phillips. Mukangoyang'ana ndi maso zimaoneka zofanana koma ayi ndithu. Nsonga ya Phillips imagunda pansi msanga mu mtanda wa JIS, mapiko ake amangogwira m'mbali chakumwamba, nde mukapotokola mwamphamvu imakwera yokha nkutuluka ikusenga. Masikuluwu ambiri a JIS amakhala ndi kadontho kamodzi kobayidwa pamutu pambali pa mtanda, ngakhale si onse. Tengani tochi muone. Mukakaona kadonthoko pezani sikuludilaiva ya JIS, ya Vessel ndi imene imatchuka, ndipo ubwino wake imagwiranso bwino mu masikuluwu a Phillips, nde simuluza kanthu. Ngati palibiretu, pali kanjira kena: tengani Phillips yakale muipale pang'ono kunsonga ndi tupa, pang'ono zedi, kuti ileke kugunda pansi msanga, mapiko ake akhale mozama.

Saizi nayo anthu timaiphonya. Timasikuluwu ta M4 ndi M5, kutanthauza tonenepa 4 mm ndi 5 mm, timafuna sikuludilaiva ya nambala 2, koma ya M6 nthawi zambiri imafuna nambala 3, ndipo nambala 2 imalowamo ndithu mu mtanda wa nambala 3, imangogwedera pang'ono, basi mutu wapita. Chida cholondola mukachilowetsa chimakhala nji, osagwedera, pena mpaka chimaima chokha osagwa.

Mabawuti a Allen nkhani yake ndi yomweyo. Allen key ya 3/16 ya inchi ndi 4.76 mm, mu dzenje la 5 mm imalowa ngati ndi kwawo koma mukangokoka imadya makona onse 6. Njinga za Harley-Davidson zambiri ndi za mainchi komanso Torx, ya dzenje looneka ngati nyenyezi, ndipo kumeneko msampha wake ndi T25 mu mutu wa T27. Mbali ya Allen key yokhala ndi kampira kunsonga ija musamasulire nayo bawuti yolimba, ntchito yake ndi kupotokola bawuti yomwe yamasuka kale. Komanso tokosani dzenjelo ndi singano kapena kawaya, matope ndi dzimbiri zikadzaza theka la dzenje kiyi imangogwira pamwamba, iyi ndi njira yachangu kwambiri yowonongera bawuti yabwinobwino.

Musanapitirire dzifunseni mafunso awiri omwe ine sindinadzifunse. Kodi mazinga ake ndi a mbali iti? Mukamasintha magalasi oonera kumbuyo, galasi la kumanja pa njinga zambiri za Yamaha lili ndi mazinga obwerera, limamasuka mukapotokolera komwe mabawuti ena amamangikira, nde inu mukulimbana kuti mumasule kumachita kuti mukumangitsa. Funso lachiwiri, kodi sikuluwuyo ikukana kuzungulira kapena ikuzungulira koma osatuluka? Izi ndi matenda awiri osiyana. Pa galasi lotchinga mphepo ndi mapulasitiki ena amagwiritsa manati a labala okhala ndi kankhokwe ka mazinga mkati, labalayo akakalamba amangozungulira limodzi ndi sikuluwu. Pamenepo mutu ulibe mlandu, ingolowetsani dzanja kapena pulayala kumbuyo mugwire natiyo, kapena kokerani sikuluwu kwa inu uku mukupotokola kuti labala agwire.

Chabwino, mutu wadyeka pang'ono, sikuluwu yakana. Osayamba ndi kupotokola, yambani ndi kuifewetsa. Bawuti ya chitsulo ikakhala nthawi yaitali mu aluminiyamu, madzi akamalowamo, zimagwirana ndi kaufa koyera kaja kamene mumakaona pa mazinga mukaitulutsa. Thirani mafuta olowerera omasulira dzimbiri mmbali mwa mutu, musiye olo ola lathunthu, usiku wonse bola. WD-40 wamba uja amathandiza pang'ono koma si katswiri pa ntchito imeneyi, alipo mafuta opangira zimenezi. Kenako ikani nsonga ya sikuludilaiva kapena biti, kansonga kochita kulowetsa mu chogwirira kaja, mu mutumo, menyani ndi hamala kangapo, osati mwaukali, kungoti go go go. Kumenyako kumachita ziwiri, kumathyola dzimbiri mu mazinga komanso kumakhazika nsonga mozama. Pukutani mafuta omwe alowa mu mtandamo musanapotokole, mafuta tikuwafuna ku mazinga osati pomwe chida chikugwira.

Ndiye pali nkhani ya guluu wa mazinga. Masikuluwu a kumapeto kwa handulo, a ma disc a mabuleki ndi ena omwe amanjenjemera kwambiri nthawi zambiri amachoka ku fakitale atapakidwa guluu ameneyu. Wa buluu, monga Loctite 243, amatheka ndi manja. Wofiira, monga 271, amafuna kutenthetsa mpaka cha mma 250°C kuti afewe, popanda moto mungathyole bawuti iye ali phee. Pa kasikuluwu kakang'ono ine ndimakonda kukhazika nsonga ya soldering iron, kachitsulo kotentha kolumikizira mawaya kaja, pamutu kwa mphindi zingapo, kutentha kumatsika ndi sikuluwu yokhayo osapsereza zapafupi. Pa zazikulu heat gun, chida chouzira mpweya wotentha, imathandiza, ndipo ngati bawuti ili mu aluminiyamu tenthetsani aluminiyamuyo mozungulira, chifukwa akatentha amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, dzenje limamasuka lokha. Koma aaa chonde, moto wa lawi pafupi ndi thanki kapena paipi ya petulo ayi. Pa handulo kumbukiraninso kuti pali labala wogwirira ndi kapaipi ka pulasitiki ka throttle (chopotokola chowonjezerera moto chija), zimasungunuka musanazindikire.

Tsopano kupotokola kwake. Mphamvu zambiri zipite kokankha osati kopotokola, amakaniko ena amati magawo 7 kukankha, 3 kupotokola. Imani moti thupi lanu lonse litsamire pa sikuludilaiva, ikhale yowongoka ndi sikuluwu, njinga itsamire khoma kapena wina aigwire. Ngati sikuludilaiva ili ndi makona pa tsinde, ikanipo sipanala, dzanja lina likukankha lina likukoka sipanala pang'onopang'ono. Pena zimathandiza kuyamba mwaimangitsa kaye pang'ono chabe, imve kusuntha, kenako nkubweza.

Za labala zija, zoti muike kalabala pakati pa mutu ndi nsonga, zimatchuka kwambiri pa intaneti koma kunena zoona pa njinga sizipita patali. Zimagwira pa kasikuluwu kosalimba ka pa pulasitiki, bawuti yomwe yagwira dzimbiri labalayo amangong'ambika. Chomwe chimagwiradi ndi phala lopalira mavalavu lija, lili ndi timchenga tolimba, mukapaka kadontho kunsonga timaluma mbali zonse ziwiri. Ndaonapo masikuluwu omwe ndinali nditawataya kale mtima akutuluka ndi kadontho kameneka.

Koma chida chimene ndimachilemekeza pa zonse ndi impact driver ya hamala, osati ya batire ija ayi, ya manja, chitsulo chonenepa ngati tochi. Mumaika biti yolondola, mumaitchera mbali yomasula, mumaigwira mwamphamvu mutaipotokolera kale komwe mukufuna ipite, nkumenya ndi hamala kumbuyo. Mkati mwake muli kanjira kopendekeka komwe kamasandutsa kumenyako kukhala kupotokola, nde pa nthawi yomwe biti ikuzungulira imakhalanso ikukanikizidwa pansi ndi mphamvu yonse ya hamala, mpata wodumpha palibe. Yesani kaye pa thabwa kapena pansi muone ikupita mbali iti, chifukwa ndi zosavuta kuitchera mobwerera nkumangitsa sikuluwu yomwe mukufuna ituluke. Ndipo onani chomwe chili kuseri. Pa injini kapena pa felemu menyani ndi mtima umodzi. Pa pulasitiki, pa kabuleta, pa kachivundikiro ka mafuta a mabuleki, pamenepo ndi kugogoda chabe kapena kusiyiratu, aluminiyamu wopyapyala amasweka. Pa handulo ikhoteni mpaka igunde poimira, wina agwire mbali inayo, apo ayi mphamvu yonse ikuthera kogwedeza njinga.

Yanga ija impact inalephera, sinanga mtanda ndinali nditaumaliza ndekha. Apa ndi pomwe njira zimasiyana malinga ndi mtundu wa mutu.

Mutu ukakhala wotumphuka, woti mungaugwire mmbali, mwapulumuka. Pulayala yokhoma ija, ambiri amangoti Vise-Grip, imangeni mpaka muchite kuvutika kuitseka, mano ake alowe mu chitsulo, kenako potokolani pang'onopang'ono. Mutu ukakhala wozungulira woterera upaleni ndi tupa mbali ziwiri ukhale ndi malo afulati. Ziliponso pulayala zopangira ntchito imeneyi, mano ake anayenda mu litali kunsonga, monga Neji-Saurus ya kampani ya Engineer, zimagwira ngakhale mutu waufupi kwambiri.

Dzenje la Allen likasanduka lozungulira, tengani biti ya Torx yokulirapo pang'ono kuposa dzenjelo, yoti singalowe ndi manja, ikhomereni ndi hamala mpaka ikhale. Mano ake 6 amadzisemera njira yawo mu chitsulo chofewacho. Kenako potokolani ndi chogwirira cha soketi uku mukukankha. Mwayi wake umakhala umodzi kapena iwiri basi, nde thirani mafuta ndi kutenthetsa musanayese, osati mutalephera. Bitiyo mwina iwonongeka, musatenge yomwe mumaikonda.

Njira ina ndi kudula mzere pamutu kuti sikuluwu isanduke ya fulati. Hakisowo imatheka ngati pali malo, apo ayi kamakina kakang'ono ngati Dremel ndi kadisiki kodulira. Mzerewo ukhale wozama bwino ndi wowongoka mmbali, nsonga ya fulati idzaze mzere wonse, ndipo mukaphatikiza ndi impact ija nthawi zambiri zimatheka. Matani tepi pa penti yozungulira, kadisiki kakaterereka kamodzi chipsera chake mudzachiona tsiku lililonse. Magalasi a maso valani, timadisiki timeneti timasweka nkuuluka.

Mutu wolowa mkati, wofanana ndi pamwamba, ndi umene umasautsa chifukwa palibe pogwira. Apa tengani panchi yosongoka kapena katchizulo kakang'ono, bayani kadzenje chakumphepete kwa mutu, kenako pendeketsani panchiyo muzimenya moyendetsa mutuwo mbali yomasula, pang'onopang'ono ngati mukuukankha kuti uzungulire. Zimaoneka zachikale koma timasikuluwu tiwiri ta pa chivundikiro cha mafuta a mabuleki tija, tomwe timadyeka pafupifupi pa njinga iliyonse yakale, timatuluka ndi njira imeneyi. Pamenepo phimbani thanki ndi nsalu, mafuta a mabuleki a DOT 4 amadya penti.

Zonsezi zikakanika nde dirilo ija ibwere. Ndipo nayi mfundo imene ndinaimva mochedwa: nthawi zambiri simufunika kuboola sikuluwu yonse, mutu wokha. Chimene chimalimbitsa bawuti ndi kukokana kwa mutu ndi mazinga, mutu ukachoka kukokanako kwatha. Tengani biti yofanana ndi thunthu la bawuti, 6 mm pa M6, 5 mm pa M5, boolani pakatikati pa mutu, dzenje lodyeka lija likuthandizani kale kulondolera biti. Dirilo iziyenda pang'onopang'ono, kankhani ndithu, dontho la oyilo kunsonga. Mukafika pomwe mutu ukumana ndi thunthu mungoona kamutu kaja kadumphira pa biti ngati mphete. Imani pomwepo. Chotsani chinthu chomwe chinamangidwacho, mupeza kachitsa katatsala panja kotalika ngati kunenepa kwa chinthucho, gwirani ndi pulayala yokhoma. Yanga inatuluka chonchi, nditatenthetsa kachitsako pang'ono, ndipo pa mazinga panali guluu wouma mbuu, nde nzosadabwitsa kuti inkakana.

Mukakhala ndi mabiti obwerera, odula dirilo ikuzungulira chakumbuyo, gwiritsani amenewo. Akamaboola amatenthetsa komanso amakokera bawuti mbali yomasula, nthawi zambiri musanafike pakati biti imangoluma, bawuti nkutuluka yokha.

Extractor, kachitsulo ka mazinga obwerera kamene mumakalowetsa mu dzenje lomwe mwaboola mu bawuti kuti kaizule, ndaisiya kumapeto dala. Mapaketi ake amalonjeza zambiri, ndipo pa bawuti yomwe yangodyeka mutu koma mazinga ali omasuka imagwiradi. Vuto ndi pa bawuti yogwira dzimbiri. Extractor ndi chitsulo cholimba kwambiri koma chosapindika, chimangothyoka kuti thyo popanda chenjezo, ndipo chikathyokera mkati biti wamba singachiboole, mwasandutsa vuto la ola limodzi kukhala lopita nalo kwa a makina. Yosongoka ija ilinso ndi khalidwe lina, ikamalowa imafufumitsa bawuti nkuilimbitsa mu dzenje. Ngati mukuigwiritsabe, bayani ndi panchi pakatikati penipeni, boolani mowongoka saizi yomwe yalembedwa, potokolani ndi chogwirira cha mbali ziwiri ndi manja osati dirilo, mukamva ikuyamba kupotoka ngati sipuling'i bawuti osasuntha, siyani. Pa timasikuluwu ta M4 ndi M5 ine sindiyerekeza nkomwe, extractor yake ndi yowonda ngati msomali.

Bawuti ikathyokera mkati kapena kachitsa kakakhala kakafupi, wowotcherera akhoza kuika nati pamwamba nkuwotcherera mkati mwa natiyo kuti igwirane ndi kachitsa. Kutentha kwake kumamasula dzimbiri ndi guluu nthawi imodzi, kenako sipanala basi. Mu aluminiyamu zimayenda bwino chifukwa chowotchereracho sichigwira pa aluminiyamu. Chotsani batire kaye, pa njinga za ECU, kakompyuta koyendetsa injini, zulaninso pulagi yake, ndipo waya wa earth wa makinawo agwire pafupi ndi pomwe akuwotcherera.

Ikatuluka musathamangire kumanga. Yang'anani mazinga a mu dzenje, lowetsani bawuti yatsopano ndi zala, iyende yokha osachepera maulendo atatu kapena anayi musanagwire sipanala. Ikamagwira pititsani tap, chida chodulira mazinga, ya saizi yomweyo kuti itsuke, mazinga a M6 wamba amatalikirana 1.0 mm, a M8 1.25 mm. Mazinga akakhala kuti apita, tizidutswa ta aluminiyamu tatuluka ndi bawuti ngati kasipuling'i, pamafunika Helicoil, kuboola mokulirapo, kudula mazinga atsopano nkulowetsa kawaya kopota kaja, bawuti ya saizi yakale imabwereranso ndipo imagwira bwino. Zokakamiza bawuti yaikulu kuti idzisemere yokha zija musachite pa chinthu chonyamula katundu ngati kaliyala kapena zitsulo zotchinga injini.

Sikuluwu yodyekayo itayeni, olo ikuoneka ngati ingagwirebe. Ine pomwe pali malo ndimaika ya mutu wa Allen kapena wa sipanala mmalo mwa mtanda. Onani nambala ya kulimba kwake pamutu, 8.8 kapena 10.9, musaike yofewa pomwe panali yolimba, ndipo za stainless zimakongola koma zambiri sizifika mphamvu ya 10.9, nde pa mabuleki ndi pomwe pamangidwa injini bwezerani mtundu womwe unalipo. Utali nawo muyeze. Chinthu chatsopano chikalowa pakati bawuti yakale imafupika, imangogwira mazinga awiri atatu nkuwazula, pomwe yotalikitsa imagunda pansi pa dzenje inu nkumaganiza kuti yalimba chinthu chikugwederabe. Mu aluminiyamu yesetsani kuti ilowe kuya kokwana kunenepa kwake kamodzi ndi theka kapena kawiri, M6 ndiye kuti 9 mpaka 12 mm.

Pomanga, M6 wamba imathera cha pa 10 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), ndi mphamvu yochepa kuposa mmene dzanja limaganizira, buku la njinga yanu likanena zina tsatani bukulo. Pomwe pamanjenjemera ikani kadontho ka guluu wa buluu, pomwe pamalowa madzi koma mudzafuna kumasulanso pakani anti-seize, girisi woletsa zitsulo kugwirana, pang'ono, koma osaphatikiza ziwirizi pa bawuti imodzi, guluu sagwira pa girisi.

Ndipo ngati munali pa handulo ngati ine, musanalize injini potokolani throttle nkuisiya, ibwerere yokha kuti phaa, muyese handulo ili pakati, ili kumanzere mpaka kumapeto, ili kumanja mpaka kumapeto. Yanga inkabwerera mwaulesi chifukwa chotchinga chatsopano chinkakhula labala wogwirira, ndinachita kumasulanso nkuikapo washa imodzi pakati.